Mtengo Umene Wabisala M'katoni

Ana inu, mukadzapita ndi amayi kumsika wa Lizulu mudzaponye maso pa makatoni: a sopo, a mafuta ophikira, a mabisiketi, ena atawayala pansi ogulitsa kabichi n'kukhalapo. Makatoni onsewo anali mitengo. Simukukhulupirira? Ng'ambani kachidutswa ka katoni, mukayang'anitsitse padzuwa. M'mphepete mong'ambikamo muona timaulusi ting'onoting'ono titatulukira. Timeneto n'ta mtengo. Pakati pa katoniyo palinso pepala lopindikapindika ngati malata, ndipo ndi limene limailimbitsa.

Kufakitale amaduladula mtengo m'tizibenthu, n'kutiphika ndi mankhwala mpaka tisanduke phala. Phalalo amaliyala, kulifinya madzi, n'kuliumitsa. Pepala latheka! Paini ali ndi timaulusi tatitali, n'chifukwa chake amapanga makatoni olimba. Bulugama ali ndi tatifupi, toyenera mapepala osalala olembapo ndi tishu yofewa.

Chaka chilichonse dziko lapansi limapanga mapepala okwana matani pafupifupi 400 miliyoni, ndipo China ndiye amapanga ambiri. Koma zimene anthu akufuna zasintha. Agogo anu ankadikira nyuzipepala kuti adziwe zochitika. Lero amalume amangotsegula foni. Mwa ichi mafakitale ambiri opanga mapepala a nyuzi atsekedwa ku Ulaya ndi ku America, ena asanduka opanga makatoni. Makatoni ndiwo akuyenda malonda, poti anthu ochuluka akugula katundu pa intaneti ndipo zambiri zimafika pakhomo zili m'katoni. Mapepala oposa theka a padziko lonse tsopano ndi okutira ndi kulongedzera katundu. Tishu nayonso ikufunidwa kwambiri, pakuti foni singakupukuteni chimfine.

Nanga kuno kwathu? Mitengo ilipo. Ku Dzonzi kuno ku Ntcheu kuli paini, koma amachekedwa matabwa. Nkhani yaikulu ili ku Chikangawa, pamapiri a Viphya. Kuyambira mu 1964 boma linadzala paini kumeneko pa mahekitala oposa 50,000, n'cholinga chomanga fakitale ya phala la mapepala ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Mitengo inakula, koma fakitale sinamangidwe. Ndalama zinali zofunika zambiri, ndipo panali mantha akuti madzi oipa a m'fakitalemo angaononge nyanja ndi nsomba zake. Ine ndimati manthawo anali omveka, ngakhale zimawawa kuti dziko lodzala nkhalango yonseyo likugulabe mapepala kunja. Paini wa ku Viphya anasanduka matabwa, wina anapsa ndi moto wolusa.

Ena mwa mapepala amene timagula amachokera ku South Africa, kumene kuli makampani akuluakulu a Sappi ndi Mondi. Ndipo mverani ichi: fakitale ya Sappi ya ku Umkomaas, kufupi ndi Durban, imapanga phala la mitengo limene silipita ku mapepala ayi, limapita ku nsalu. Amayi akadzakugulirani diresi kapena shati pakaunjika, mudzaitembenuze n'kuwerenga kansalu kolembedwa kamene kasokereredwa mkati. Mukadzapezapo mawu akuti viscose, ndiye kuti mwavala mtengo.