Mwana Asanaweruzidwe pa Masamu

Kwa ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa masamu m'sukulu za pulayimale kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, palibe dandaulo limene timalimva kawirikawiri kuposa lija la makolo, lakuti mwana amene ankakhoza bwino m'makalasi oyamba, atangolowa Sitandade 5 nzeru zinamuthawa. Ndipo pofunafuna gwero lake ena amaloza ulesi, ena mphunzitsi, ena amafika ponong'ona za anthu oipa mtima a m'mudzi. Ine ndinena mosabisa kuti mwa ana ambiri otere masamu sanachoke m'mutu ayi. Chimene chasintha ndi chinenero chimene akufunsidwira.

Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo kuchokera apo m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, komatu lamulo silisintha chinenero chimene mwana wa ku Malomo kapena ku Mvera anayamwira; ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amadzamufunsa m'Chingerezi, osasamala kuti kwawo amachimva kangati.

Manambala pawokha savuta, pakuti mtsikana wogulitsa tomato pamsika wa Mponela amabweza chenje cha K2,000 osagwira pensulo. Chopunthwitsa ndi samu yobisika m'nkhani. Lembani pabolodi m'Chingerezi kuti mlimi anakolola matumba 48 a mtedza, nagulitsa 19, atsala angati; mudzaona mwana, posamva nkhaniyo, akutola manambala awiriwo ndi kuwaphatikiza, nalemba 67 mwaukhondo ndithu. Mufunseni funso lomwelo m'Chichewa, ndipo musanatule choko adzati 29. Kodi mwana ameneyu walephera masamu?

Chifukwa chake ine sindilola mwana kugwira pensulo asanandifotokozere nkhani ya funsolo m'mawu akeake, ndi kundiuza ngati matumbawo achuluka kapena achepa. Akatero amajambula, kapena kuyala zitsekerero za mabotolo pansi, akutsutsana ndi mnzake m'chinenero chilichonse chimene afuna. Pomaliza penipeni ndipo ndimafuna yankho m'chiganizo chathunthu cha Chingerezi, pakuti Chingerezicho ayenera kuchidziwa, ndipo amene amamubisira amamulakwira. Njira imeneyi imadya nthawi, makamaka m'kalasi modzaza mmene ana amakhala mothithikana pansi, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anzathu ophunzitsa ku Dzaleka, kumene othawa nkhondo akhala kuyambira 1994, katundu wawo ndi wolemera koposa, popeza ana ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amadza ndi Chiswahili, Chirundi kapena Chifalansa, zimene mphunzitsi mwina sazimva; kumeneko chojambula ndi mwana mnzake womasulira ndiwo amathandiza.

Ndipempha akulu a sukulu kuti asadzudzule mphunzitsi amene amupeza akumasulira funso m'Chichewa. Inunso makolo, mwana akabwera ndi kope lodzaza mitanda yofiira, musathamangire chikwapu: mufunseni samu yomweyo m'Chichewa, ndipo akaikhoza, mukauze aphunzitsi ake kuti chomusowa ndi Chingerezi.