Njira zitatu zopezera chilolezo chokhazikika m'Malawi kwa ogwira ntchito ochokera kunja

BLANTYRE — Chidindo chomwe mlendo amalandira m'pasipoti yake akatera pa bwalo la ndege la Chileka chimamulola kucheza m'dziko muno kwa masiku owerengeka, koma sichimupatsa ufulu wogwira ntchito, wochita malonda kapena wokhazikika.

Ngakhale pomwe boma lidachotsa viza kwa nzika za maiko 79 mu February 2024, lamulo lokhudza ntchito silidasinthe. Wofuna kugwira ntchito adayenerabe kukhala ndi chilolezo chapadera.

Malinga ndi lamulo loona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno la Immigration Act, chilolezo chokhala m'Malawi mpaka kalekale chimatchedwa Permanent Residence Permit, mwachidule PRP. Chimaperekedwa kudzera ku nthambi ya Immigration and Citizenship Services, yomwe ili pansi pa unduna woona za chitetezo cha m'dziko.

Mfundo yomwe ambiri amaiphonya ndi yakuti palibe chilolezo chomwe chimasanduka PRP pachokha kaamba kakuti zaka zapita. Munthu amayenera kupempha, ndipo boma lili ndi mphamvu yovomera kapena kukana. Chimene chimaunikidwa kwambiri ndi chomwe chikumusunga munthuyo m'dziko muno: ntchito, mpamba kapena banja.

Njira yoyamba ndi ya ntchito. Injiniya yemwe kampani yamuitana kudzakonza njanji yodutsa pa Lirangwe, kapena katswiri wa zipangizo za ndege ku Chileka, amalowa ndi chilolezo cha Temporary Employment Permit, chomwe ambiri amangochitchula kuti TEP.

Wopempha chilolezochi ndi wolemba ntchito, osati wolembedwa, ndipo pempholo limayenera kuvomerezedwa munthuyo asadayambe ntchito. Kampani imayenera kuonetsa kuti idalengeza ntchitoyo m'nyuzipepala za m'dziko muno koma sidapeze Mmalawi woyenera, komanso kuti pali Mmalawi yemwe adzaphunzira ntchitoyo kwa mlendoyo.

Chilolezo cha TEP sichipitirira zaka ziwiri, ngakhale chimatha kuonjezeredwa. Ndondomeko yomwe boma lidatulutsa mu 1998 idagawa ntchito za alendo pawiri: maudindo akuluakulu omwe kampani siyingayende popanda iwo, ndi ntchito za kontirakiti zomwe zili ndi nthawi yothera.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti wogwira ntchito safunika kubwera ndi mpamba wake. Kuipa kwake n'kwakuti chilolezocho chimamangidwa pa ntchito imodzi ndi bwana mmodzi. Ntchito ikatha, kapena munthu akafuna kusintha kampani, chilolezo chakale sichigwiranso ntchito.

Choncho TEP ndi chilolezo chomwe chidakonzedwa kuti chidzathe, pakuti cholinga chake ndi chakuti luso litsale m'manja mwa Amalawi. Zaka zomwe munthu wakhala movomerezeka ndi chilolezochi zimathandiza ngati umboni wa khalidwe lake komanso wa msonkho omwe wakhala akupereka, koma pazokha sizimupatsa ufulu wokhazikika.

Njira yachiwiri ndi ya mpamba. Mlendo yemwe akufuna kudzilemba yekha ntchito, monga kutsegula fakitale kapena kampani yogula ndi kukonza mbewu, amapempha Business Residence Permit, mwachidule BRP. Chilolezochi chimakhala cha zaka zisanu ndipo chimaonjezeredwa ngati bizinesi ikuyenda.

Ndalama za mpamba zimayenera kuchokera kunja ndi kulowa kudzera ku banki. M'zaka za m'ma 2000 mpamba wochepetsetsa udali madola 50,000 a ku America. Bungwe la Malawi Investment and Trade Centre, lomwe lidalowa m'malo mwa mabungwe a MIPA ndi MEPC, ndilo limathandiza anthu oterewa pa za ziphaso.

Mwini BRP sadalira bwana aliyense, kotero amakhala wokhazikika maganizo kuposa mwini TEP. Komabe bizinesi ikagwa, maziko a chilolezo chake amagwa nawo.

Kwa madera a kumudzi ngati Lirangwe pali mfundo ina yofunika. Mu 2012 boma lidakhwimitsa malamulo a malonda ndi kulamula kuti amalonda ochokera kunja azichitira malonda ogulitsa katundu m'masitolo m'mizinda ikuluikulu, kusiyira Amalawi misika ya kumudzi. Zofanana ndi izi zidachitikanso m'zaka za m'ma 1970, pomwe boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidasamutsira m'mizinda amwenye omwe adali ndi masitolo kumidzi.

Izi zikutanthauza kuti chilolezo chokhala m'dziko ndi chiphaso cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kukhala ndi BRP si chilolezo chotsegulira golosale pa msika wa Lirangwe m'mbali mwa msewu wa M1.

Njira yachitatu ndi ya banja kapena chuma chodalirika. Mlendo yemwe ali pa banja ndi nzika ya dziko lino atha kupempha PRP potengera ukwatiwo. Chimodzimodzinso munthu wopuma pa ntchito yemwe angaonetse kuti amalandira penshoni kapena ndalama zina zokwanira kudzisamalira popanda kukhala mtolo kwa boma.

Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chinkhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, komanso wa kwa DC. Koma pa nkhani ya chilolezo pamafunika kalata ya ukwati, chifukwa mawu a ankhoswe okha sangalowe m'failo. Kalata za apolisi za kumene munthuyo adachokera komanso umboni wa kapezedwe kake zimafunikanso.

Kwa mphunzitsi kapena namwino wochokera kunja yemwe adalowa ndi TEP kenako n'kumanga banja ku Chileka, njira imeneyi ndi yolimba kuposa kudalira kontirakiti, popeza banja silitha ndi ntchito. Koma ukwati wongopangana pofuna chilolezo ndi chinyengo, ndipo chilolezo chopezeka mwa bodza chimalandidwa.

Aliyense wosankha pakati pa njirazi ayenera kudziwanso zomwe PRP sipereka. Mwini chilolezochi amakhala m'dziko muno popanda kuonjezera masiku, koma sakhala nzika ndipo salandira pasipoti ya Malawi. Akakhalitsa kunja kwa dziko lino, chilolezocho chitha kutha mphamvu.

Chilolezochi sichipatsanso munthu malo a makolo. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limaika malo oterewa m'manja mwa Amalawi, ndipo kusintha kwa malamulo a malo kwa mu 2022 kudakhwimitsa kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika. M'dera la mfumu yaikulu Kuntaja, komwe mabanja ambiri amatsata chikamwini, mkamwini wochokera kunja atha kulima munda wa mkazi wake, koma mundawo ndi wa mbumba.

Wofuna unzika amatsata lamulo lina, la Malawi Citizenship Act la 1966, lomwe limafuna kuti mlendo akhale atakhala m'dziko muno zaka zisanu ndi ziwiri, akhale wa khalidwe labwino, wodzidalira pa chuma komanso wodziwa Chingerezi kapena chiyankhulo cha m'dziko muno. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo idasintha lamuloli kuti lilole unzika wa maiko awiri.

Anthu othawa kwawo sali m'gulu la njira zitatuzi. Iwo amayendetsedwa ndi lamulo la Refugees Act la 1989, ndipo mu 2023 boma lidabwezera ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa ambiri mwa omwe ankakhala ndi kuchita malonda kunja kwa msasawo.

Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amakagwira ntchito, lamulo la 2002 limanena poyera kuti munthu yemwe wagwira ntchito ndi chilolezo kwa zaka zisanu ndipo walonjezedwa ntchito yokhazikika atha kupempha kukhazikika. Alendo ena amafika ku Chileka akuganiza kuti zaka zimawerengedwa chimodzimodzi kuno, pomwe dziko lililonse lili ndi lamulo lake.

Kwa ogwira ntchito m'boma, kusiyana kwa zilolezozi kumakhudza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Mkulu wa za ntchito woyendera kampani ayenera kuona ngati dzina la kampani ndi udindo zolembedwa pa TEP zikugwirizana ndi zomwe mlendoyo akuchita. Wa ku khonsolo ya boma la Blantyre wopereka ziphaso za malonda, komanso komiti yoona za malo m'mudzi, ayenera kufunsa mtundu wa chilolezo asadasaine chikalata chilichonse.

Mlendo naye ayenera kuyamba kukonza pempho lake chilolezo chomwe ali nacho chisadathe, chifukwa kukhala m'dziko muno chilolezo chitatha ndi mlandu omwe utha kuchititsa kuti athamangitsidwe, ndipo umaononga mbiri yomwe pempho la PRP limadalira.