Mtanda wachitatu uja

Sabata lina titaweruka ku mapemphero kuno ku Maselema, tinakhala kuseri kwa tchalitchi kudya nkhomaliro pamodzi. Panali nyemba, nkhwani wotendera, mpunga, nsima ndi nyama ya soya. Palibe chodetsedwa chimene chinafika pamphasapo. Koma pulogalamu ya masana itayamba, ambiri mwa ife tinali kuwodzera, malamba titamasula. Ife a gulu la zaumoyo tinayang'anizana, manyazi n'kutigwira, chifukwa nafenso tinali titawonjezera mtanda wachitatu mimba itadzaza kale.

Timadziwa bwino zakudya zoyenera kupewa. Chimene sitikambirana kawirikawiri ndi kuchuluka kwa chakudya chabwinocho. Munthu atha kusala nkhumba, mowa ndi fodya moyo wake wonse, koma n'kudzipweteka ndi nsima ndi mafuta ophikira.

Ambirife tinakula tikumva kuti chakudya sachisiya m'mbale. Amene tinaona njala ya 2002 timamvetsa chifukwa chake makolo amatero. Komanso mlendo akasamba m'manja msanga, mwini nyumba amadandaula: "Mwadya chiyani pamenepa, achimwene? Wonjezerani." Kukana kumaoneka ngati mwano. Ndiye timadya kuti tikondweretse wophika, kapena chifukwa ndiwo zakoma, njala itatha kalekale.

Thupi lili ndi njira yake yotiuzira kuti zakwana, kungoti uthenga wochokera m'mimba umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti ufike ku ubongo. Wodya mothamanga amamaliza mitanda itatu uthengawo usanafike. Nsima imasanduka shuga m'magazi. Mphamvu imene thupi silinagwiritse ntchito limaisunga ngati mafuta, makamaka pamimba. Makolo athu kumudzi ankadya mitanda yomweyi, koma ankalawirira kumunda ndi khasu. Ife timakwera minibasi pa Maselema kukatsika ku Limbe, kukhala pampando tsiku lonse, masana n'kugula tchipisi cha pachiwaya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, lomwe la 300 ml lokha limakhala ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono 7 kapena 8.

Zotsatira zake zikuoneka. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anasonyeza kuti amayi onenepa mopitirira muyezo ndi ochuluka kwambiri m'tauni kuposa kumudzi. Matenda a shuga ndi kufa kwa ziwalo sizikusankhanso mabwana okha.

Chovuta china, chimene sitingachibise, ndi pakamwa pa anthu. Kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera. Akayamba kutsika thupi, manong'onong'o amayamba: kodi akudwala? Mayi wina wa m'gulu lathu anasiya kuyenda m'mawa atamva kuti anzake a pamsika akumufunsa kumbali. Tinapita kukacheza naye, ndipo anabwerera pokhapokha titalonjeza kuti tiziyenda naye limodzi. Tisamafulumire kuweruza thupi la mnzathu. Mwina akumvera malangizo a dokotala.

Zimene tinasintha ife ndi zochepa. Pogawa, theka la mbale limakhala masamba, kaya bonongwe, chisoso kapena mpiru, kenaka nyemba kapena nandolo, nsima ya mgaiwa n'kubwera pomaliza. Mphika sitiuikanso patebulo. Tikamaliza mbale yoyamba timadikira kaye, tikucheza, ndipo nthawi zambiri chilakolako cha mtanda wina chimazilala chokha. Mafuta timayeza ndi supuni m'malo mongokhuthula botolo. Chakudya cham'mawa chikhale chokwanira, chamadzulo chopepuka ndiponso chodyedwa nthawi yogona isanayandikire. Kwa wochereza alendo timangoti, "Zikomo mayi, ndiwo zakoma kwambiri, ndakhuta." Sitinaone aliyense atakwiya nazo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kumeneko ndi kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu basi. Ife timanyamuka kusanatenthe, kutsata msewu wa Masauko Chipembere kulowera ku Chichiri, n'kubwerera. Amene sangathe m'mawa atsike minibasi siteji imodzi asanafike kwawo.

Musakhumbire tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi amene akutsatsidwa pa Facebook, ndipo musadzikhalitse ndi njala masiku angapo, chifukwa thupi limabwerera ndi chiwongoladzanja. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa mlungu n'kokwanira. Munthu wolemera makilogalamu 90 akachotsapo 5 okha, BP ndi shuga wake nthawi zambiri zimayamba kusintha.

Ngati mumamwa kale mankhwala a shuga kapena a BP, kapena ndinu oyembekezera, yambani mwakaonana ndi achipatala, kaya ku Queen Elizabeth, ku Blantyre Adventist kapena pa chipatala chaching'ono chapafupi, musanachepetse chakudya. Mankhwala ena a shuga amatha kugwetsa munthu akadya pang'ono kuposa masiku onse.