Ng'ala imachotsedwa, musakhale nayo pakhonde

Ku Bindura, makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Harare, kuli akuluakulu ambiri olankhula Chichewa. Iwo kapena makolo awo anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe ndi m'migodi monga ya Trojan ndi Shamva. Ine ndine mdzukulu wawo, ndipo chimandiwawa n'chakuti mukayenda ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo mupeza ena mwa iwo ali duu pakhonde osaona, pamene vuto lawo dokotala amalithetsa ola lisanakwane.

Vutolo ndi ng'ala. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachilengedwe kamene kuwala kumadutsapo. Munthu akamakalamba kagalasiko kamachita mbuu, ndipo dziko limaoneka ngati lili m'chifunga cha mwezi wa Juni. Ng'ala sipweteka, ndipo imabwera pang'onopang'ono, n'chifukwa chake anthu amangoti ndi ukalamba. Matenda a shuga, fodya, dzuwa la zaka zambiri kumunda ndi mankhwala ena omwa nthawi yaitali zimaifulumizitsa. Kuno kumigodi tilinso ndi chifukwa chathuchathu: kachidutswa ka mwala kapena chitsulo kakalasa diso, ng'ala imatha kubwera ngakhale kwa mnyamata. Ndimachita mantha ndikaona anyamata okumba golide akuswa miyala opanda magalasi oteteza maso. Bungwe la World Health Organization limati ng'ala yasokoneza maso a anthu 94 miliyoni padziko lonse.

Amalume anga, amene anakalambira pansi pa mgodi, anayamba ndi kusiya kuwerenga Baibulo. Kenaka pabawo ankachita kufufuza njere ndi zala. Usiku magetsi a galimoto ankawathobwa, ndipo mlendo akafika ankadikira alankhule kaye kuti amudziwe. Nditawauza za chipatala anakana kwamtuwagalu.

"Iwe mwana, ndamva kuti amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Ndisiye ndife ndi maso anga."

"Ayi malume, diso silichoka pamalo pake," ndinatero.

Ndipo silichokadi. Nthawi zambiri wodwala sagonekedwa tulo. Amangomuika mankhwala ochititsa dzanzi diso lokhalo. Dokotala amacheka kabala kakang'ono m'mbali mwa diso, n'kutulutsa kagalasi kowonongekako, n'kulowetsamo kapulasitiki komwe kamakhala momwemo moyo wonse. Nthawi zambiri ntchitoyi sipitirira mphindi 30, ndipo amachita diso limodzi, linalo tsiku lina. Nzeru ya kapulasitikiyi inachokera kwa Harold Ridley, dokotala wa ku London, amene anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki tinawalowa m'maso sankatupa nato. Anayamba kuika kagalasi kotere mu 1949.

Pamapeto pake amalume anavomera ndipo anawachita opaleshoni. M'mawa mwake atawachotsa bandeji, amalume anayang'ana malaya awo nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa amene anawalola kuvala chinthu chothimbirira chotero.

Pobwerera kunyumba ndiye pamafunika mwambo. Mankhwala odontheza m'diso azithiridwa mmene dokotala wanenera, kwa milungu ingapo. Osatikita diso, osanyamula katundu wolemera, osakhala pautsi kapena pafumbi, ndipo fumbi kuno ku Bindura sitichita kulifuna. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira kapena kusiyanso kuona, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Ena amafunikabe magalasi owerengera.

Palibe mankhwala odontheza kapena akumwa amene amasungunula ng'ala. Madzi a zitsamba, shuga kapena mkodzo zimene ena amathira m'maso zimangoyambitsa zilonda, ndipo chilonda chikasiya chipsera pagalasi lakunja la diso, opaleshoni ya ng'ala singachichotse. Komanso si khungu lililonse lomwe ndi ng'ala: matenda a glaucoma amawononga mtsempha wa diso, ndipo chimene chawonongeka sichibwerera. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya oyeza maso, osati ya anansi.

Yambirani pakiliniki yapafupi kapena ku Bindura Provincial Hospital. Odwala ofunika akatswiri amatumizidwa ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso cha ku Parirenyatwa mu Harare. Abale athu a ku Malawi ali ndi Nkhoma komanso zipatala za maso za Lions ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ngati kwanu kuli agogo amene ayamba kufunsa kuti "Ndani ameneyo?" masana dzuwa likuswa mtengo, agwireni dzanja mupite nawo akayezedwe maso.