Deti ya pa khadi: chifukwa chake nthawi zina siisinthika

"Chinkhoswe chasuntha, ingosinthani deti yokha." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri pa ntchito yanga yokonza makadi, makalendala ndi zikwangwani pa kompyuta pano pa Boma la Ntchisi. Nthawi zina ndimamaliza mwini wake asanakhale n'komwe pansi. Nthawi zina ndimamuuza kuti tiyambirenso khadi lonse, iye n'kumaganiza kuti ndikufuna kumudyera ndalama. Nkhani yagona pa mtundu wa fayilo imene wabweretsa.

Tikamakonza khadi sitiika zonse pa tsamba limodzi. Chithunzi cha akwati chimakhala pachokha, maluwa paokha, mayina paokha, deti ndi malo paokhanso. Zigawo zimenezi timazitcha ma layer. Zili ngati mapepala a pulasitiki oonekera amene asanjikizidwa: kuyang'ana pamwamba mumaona chithunzi chimodzi, koma mukhoza kusolola limodzi, kulembapo zina n'kulibwezera, enawo osakhudzidwa. Pulogalamu ya Photoshop, imene analemba Thomas Knoll ndi m'bale wake John, inatuluka mu 1990 ilibe luso limeneli. Ma layer anabwera mu 1994, ndipo kuyambira pamenepo kukonza cholakwika kunapepuka.

Si fayilo iliyonse imene imasunga ma layer. Ena mwa mafayilo amene amasunga ndi PSD ya Photoshop, CDR ya CorelDRAW ndi XCF ya GIMP, pulogalamu yaulere. JPEG, imene ambiri timatumizirana pa foni, imamata zigawo zonse kukhala chimodzi. Pamene palembedwa deti, maluwa amene anali kunsi kwake kulibenso. Ndikafufuta nambala pamatsala banga, ndiye ndiyenera kujambula pamanja zimene zinali kuseri. JPEG ikadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba imafinyidwanso, moti mukaikulitsa kuti ikwane chikwangwani cha msonkhano wa mpingo, nkhope ya abusa imatuluka timabokosi tokhatokha.

Vuto lachiwiri ndi msinkhu wa pulogalamu. Makompyuta amene ndimawaona m'mashopu osindikiza kuno, ku Malomo ndi ku Mponela ambiri ndi akale, ndipo mapulogalamu ake ndi akalenso. Mwachitsanzo, Photoshop CS6 ya 2012 inali yomaliza imene munthu ankagula kamodzi n'kukhala yake. Kuyambira 2013 kampani ya Adobe, mwini wa pulogalamuyi, inayamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi kapena pa chaka, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, sizodabwitsa kuti ena anangokakamira yakaleyo. Koma mwana wanu wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amene wakukonzerani khadi akhoza kukhala ndi ya chaka chino.

Lamulo lake ndi lakuti pulogalamu yatsopano imatsegula fayilo yakale, pamene yakale siidziwa zimene zinabwera iyo itatuluka kale. CorelDRAW yakale imangokana fayilo yochokera ku yatsopano. Photoshop yakale nthawi zambiri imatsegula, koma imachenjeza kuti pali zina zimene siikuzizindikira, ndipo mthunzi wa zilembo kapena mtundu wina ukhoza kusintha mwakachetechete. Zimenezi n'zoopsa kuposa kukana, chifukwa mumazindikira makadi atasindikizidwa kale. GIMP nayo nthawi zina imakana ngati CorelDRAW: mafayilo ena a 2.10, imene inatuluka mu 2018, satseguka mu 2.8.

Mankhwala ake ali m'manja mwa wokonza. Mu CorelDRAW, posunga fayilo pali posankha kuti isungidwe molingana ndi pulogalamu yakale, choncho funsani kaye wosindikiza kuti ali ndi iti. Mu Photoshop pali kabokosi kolembedwa Maximize Compatibility. Mukachongamo, fayilo imanyamulanso chithunzi chomalizidwa pambali pa ma layer, kuti mapulogalamu ena aone mmene ntchito iyenera kuonekera. Fayilo imalemerako, koma fulashi siidandaula.

Zilembo nazo zimapusitsa. Kalembedwe kokongola kamene mwasankha, kamene timati font, kamakhala mu kompyuta ya wokonza. Kompyuta ya wosindikiza ikakhala ilibe, imaikapo ina, mizere n'kusokonekera. Ma font ena alibe chilembo ŵ, moti dzina la Malaŵi limatuluka ndi kabokosi pakati. Ichi n'chifukwa chake tisanatumize timasandutsa zilembo kukhala zojambula. Koma zikatero sizitheka kulembedwanso, ndiye fayilo yoyamba iyenera kusungidwa padera.

Choncho mukalipira ntchito, pemphani mafayilo awiri. Yoyamba ikhale PDF yokasindikiza, ndipo muitumize ngati document kuti isafinyidwe. Yachiwiri ikhale ya ma layer, pamodzi ndi dzina la pulogalamu ndi chaka chake. Okonza ena amaiwerengera mtengo wapadera, ndipo ndi bwino kugwirizana ntchito isanayambe. Izi n'zofunika kwambiri ku sukulu, mipingo ndi makalabu a alimi a soya ndi mtedza, amene chizindikiro chawo chimafunika chaka ndi chaka pa malisiti, malaya ndi makalendala. Wokonza akhoza kusamuka, kompyuta yake ikhoza kupsa magetsi akabwera mwamphamvu. Fayilo ya ma layer isungidwe ndi mlembi wa gulu, malo amodzi ndi buku la ndalama.