Kubwereka buku ku laibulale ya m'tauni yaing'ono

Laibulale ya anthu onse imayendetsedwa ndi ndalama za msonkho, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kubwereketsa mabuku. Imodzi mwa malaibulale akale kwambiri amtunduwu ili m'tauni yaing'ono ya Peterborough, m'chigawo cha New Hampshire ku America. Mu 1833 anthu a m'tauniyi anagwirizana pa msonkhano kuti ndalama za boma zigule mabuku oti aliyense aziwerenga mwaulere. Poyamba mabukuwo ankasungidwa m'sitolo momwe munalinso positi ofesi. Ku Malawi ntchito yotereyi ili m'manja mwa National Library Service, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe.

Laibulale ya m'tauni yaing'ono imakhala ndi mabuku owerengeka, mwina kope limodzi lokha la buku lomwe anthu ambiri akulifuna. Malamulo obwerekera anaikidwa kuti buku limodzilo lidutse m'manja ambiri osatayika.

Zonse zimayamba ndi khadi ya umembala. Munthu amaonetsa chiphaso ndi umboni wa komwe amakhala, chifukwa laibulale imafuna kudziwa komwe buku lake lagona. Mwana amasainiridwa ndi kholo, ndipo buku likasowa mlandu umagwera kholo lomwelo. M'matauni ambiri a ku America wokhala m'tauni momwemo salipira kanthu popeza analipira kale kudzera mu msonkho, pomwe wochokera kwina amalipira chaka ndi chaka.

Pa mashelefu mabuku amasanjidwa motsatira manambala amene Melvil Dewey anakonza mu 1876. Wofuna za ulimi amapita pa 630, za umoyo ndi mankhwala pa 610, za mbiri yakale cha m'ma 900. Akapeza bukulo amalitengera pa kauntala. M'malaibulale osagwiritsa ntchito kompyuta, woyang'anira amasolola kakhadi m'kathumba komatidwa mkati mwa chikuto, n'kudinda tsiku lobweza pa kapepala ka m'bukumo. Kapepala kodzaza zidindo kamaonetsa kuti bukulo layenda makomo angati. Komwe kuli kompyuta, makina amangowerenga timizere takuda pa khadi ndi pa buku.

Kawirikawiri buku limabwerekedwa kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo pamakhala malire a mabuku otenga nthawi imodzi. Wosamaliza kuwerenga atha kupempha masiku owonjezera, bola ngati palibe wina amene walembetsa kale kuti akulidikira. Olembetsa amalandira bukulo motsatana ngati pa mzere wa kuchigayo. Mabuku ena satuluka pakhomo n'komwe: otanthauzira mawu, a mapu, nyuzipepala zakale ndi zolemba za mbiri ya tauniyo. Amenewa amawerengedwa pomwepo chifukwa amafunidwa tsiku lililonse, ndipo ena akatayika sangapezekenso.

Nkhani ya chindapusa ndiyo yasintha kwambiri. Kwa zaka zambiri wochedwa kubweza ankalipira kandalama pa tsiku lililonse lomwe wachedwa. Koma zinaoneka kuti mabanja osauka akakhala ndi ngongole amangosiyiratu kubwera, buku n'kutsalira kunyumba. Malaibulale a mumzinda wa Chicago anathetsa chindapusa chochedwera mu 2019, a New York mu 2021, ndipo matauni ang'onoang'ono ambiri achita chimodzimodzi. Komabe wotaya buku, wong'amba masamba kapena wolinyowetsa amalipira mtengo wogulira lina, ndipo khadi yake ikhoza kuimitsidwa mpaka atakonza mlanduwo.

Buku likasowa pa shelefu si ndiye kuti nkhani yatha. Malaibulale amabwerekana okhaokha, moti woyang'anira atha kuitanitsa bukulo ku tauni ina, owerenga n'kudzalitenga patapita masiku angapo. Zomwe munthu wabwereka zimasungidwa mwachinsinsi, ndipo ku New Hampshire chinsinsichi chimatetezedwa ndi lamulo la boma.

Kupatula mabuku, malaibulale ambiri otere ali ndi makompyuta a intaneti, makina osindikizira ndi ochitira fotokope, nthawi yowerengera ana nthano, komanso chipinda chochitiramo misonkhano. Ena amaperekera mabuku kunyumba kwa okalamba ndi odwala, n'kudzawatenganso tsiku lobweza likakwana.