Kodi Kupha Kungacize Odwala?

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a akulu, pali funso limene ophunzira angakufunseni tsiku lina lililonse: munthu akamalemera ndi matenda a anzake, kodi womupha walakwa? Funsoli linabuka pa 4 Disembala 2024, pamene Brian Thompson, mkulu wa kampani ya inshuwalansi yochedwa UnitedHealthcare, anaomberedwa ndi mfuti mumsewu ku New York. Ku America anthu amalipira kampani yotere mwezi ndi mwezi kuti akadzadwala idzawalipirire cipatala, koma ambiri amadandaula kuti nthawi ikafika kampani zimakana. Motero ena anamuombera m'manja wakuphayo m'malo molira maliro.

Tisanene kuti izi nza kutali. Kuno kwathu, pa 24 Julayi 1975, boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse, ndipo kuciza anthu pofuna phindu kunaletsedwa. M'caka ca 1991 lamulo linasintha, zipatala zolipira zinaloledwanso. Lero mai amayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, kucipatala nkuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule yekha. Agulitsa thumba la mbatatesi kapena mbuzi, pamene mnzake wa ndalama wacira kalekale. Mkwiyo wa mai ameneyu si cimo ai. Ngakhale aneneri Amosi ndi Ezekieli anadzudzula mwaukali atsogoleri odyera masuku pamutu aumphawi.

Koma taonani kumene mkwiyo umafika ukagwira cikwanje. M'caka ca 2009, ku Mogincual m'cigawo ca Nampula, kunagwa kolera. Anchito odzipereka a Cruz Vermelha anali kuthira mankhwala oyeretsa madzi m'zitsime. Mphekesera inamveka yakuti iwowo ndiwo akufesa matenda, ndipo ena mwa iwo anaphedwa. Apolisi anagwira anthu ambiri nawapanikiza m'kacipinda kakang'ono, ndipo oposa 10 anafera momwemo posowa mpweya. Kolera yokha ndiyo inapindula.

Nanga cinacititsa nciani? Mphunzitsi wa pa Universidade Eduardo Mondlane, Carlos Serra, anali atafufuza kale zipolowe zotere ku Nampula, nalemba buku lochedwa Cólera e catarse m'caka ca 2003. Iye anapeza kuti aumphawi anali atataya cikhulupiriro mwa boma ndi anthu olemera, kotero kuti ngakhale thandizo analiona ngati msampha. Kuonjezera apo, mau awiri a Cipwitikizi, cloro ndi cólera, amamveka ofanana m'khutu la munthu wosadziwa kuwerenga. Loyamba ndi mankhwala, laciwiri ndi matenda.

Tsono ophunzira tiwayankhe zinthu zitatu. Coyamba, lamulo la cisanu ndi cimodzi la Mulungu silisankha kuti uyu ngwolemera, uyu ngwosauka. Moyo wa onse ngwa Mlengi. Caciwiri, gulu lokwiya silikhala pansi kumva mlandu. Limagwira amene ali pafupi, ndiye namwino, mlonda kapena nyakwawa, amene naye akadwala amasowa mankhwala ngati ife tomwe. Cacitatu, kupha sikusintha malamulo. Ku New York pa mpando wa womwalirayo panakhala wina, nchito nkumapitirira. Kumudzi kukaonongedwa cipatala, anamwino amathawa, ndipo amai apakati ndiwo amatsala pamabvuto.

Komabe tisauze anthu kuti angokhala cete. Woletsa cikwanje koma osadzudzula kuba, waimira mbali ya wakuba. Apa ndipo pali nchito yanu. Lembani pa bolodi mau awiri aja, cloro ndi cólera, ophunzira awerenge cilembo ndi cilembo mpaka aone kusiyana kwake. Paja safunsa anadya phula. Aphunzitseni kuwerenga mtengo wolembedwa pakhoma la cipatala ndi kupempha lisiti pa ndalama iliyonse imene alipira. Wina akaumirizidwa kupereka ya m'manja, kalasi limuthandize kulemba tsiku, malo ndi kuculuka kwa ndalamazo, kalata ipite ku komiti ya cipatala, kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo. Kalata ya munthu mmodzi ikhoza kusocera m'kabati, koma makalata a midzi yambiri, osainidwa ndi eni ake, ngobvuta kuwabisa.

Mulungu akupatseni nzeru pa nchito imeneyi.